Zinyalala za pakhomo panu n'zochuluka bwanji?

Amayi ndi abambo, m'mawa uno mwasesa pakhomo. Zimene mwawola zija zingalemere makilo angati? Ambiri sitidziwa. Koma a Município ku Ulónguè, ku Moatize kapena ku Milange sangakonze bwino ntchito yochotsa zinyalala popanda nambala imeneyi. Ndi imene imawauza kuti thirakitala ibwere kangati pa sabata, ndiponso kuti dzala la tauni likhale lalikulu motani.

Nambalayi ikachepa, zinyalala zimatsala m'misewu. Mvula ikagwa zimatseka ngalande, madzi oipa n'kulowa m'zitsime. Ntchentche zimachoka pa mulu n'kukatera pa nsima ya mwana, ndipo udzudzu umaswana m'zitini ndi m'matayala. Kolera imene inavuta ku Tete, Niassa ndi Zambézia mu 2023 imakonda malo otere. Ku Maputo, mu February 2018, phiri la zinyalala la ku Hulene linagumukira nyumba mvula itagwa kwambiri, ndipo anthu oposa 15 anamwalira.

Kodi amayeza bwanji?

Sayenda nyumba zonse. Amasankha mabanja angapo m'bairro lililonse: a pafupi ndi msika, a m'nyumba za simenti, ndi a kumapeto kwa tauni amene ali ndi minda, chifukwa zotaya zawo zimasiyana. Banja lililonse limalandira thumba, ndipo tsiku ndi tsiku thumbalo limayezedwa pa sikelo, kwa masiku 8. Za tsiku loyamba saziwerengera, popeza anthu amaponyamo ndi zakale zomwe.

Tiyerekeze kuti pakhomo panu mulipo anthu 6, ndipo pa masiku 7 otsalawo mwataya makilo 21. Ndiye kuti ndi makilo 3 pa tsiku, theka la kilo munthu aliyense. Izi zikufanana ndi zimene Banki ya Dziko Lonse inapeza mu 2018 kwa maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara: makilo 0.46 pa munthu pa tsiku. Theka la kilo likuoneka lochepa, koma bairro la anthu 4,000 lingatulutse matani 2 tsiku lililonse, matani 14 pa sabata.

Akatha kuyeza amakhuthula thumba n'kusankhula: zowola pazokha, mapulasitiki, mabotolo, zitini, phulusa ndi dothi. Nthawi zambiri zolemera kwambiri zimakhala zotsala za chakudya, masamba, phulusa ndi mchenga wosesa. Nyengo nayonso imasintha zinthu. Nthawi ya mango kapena ya chimanga chachiwisi thumba limalemera kuposa m'chilimwe, n'chifukwa chake ndi bwino kuyeza kawiri pa chaka.

Mbali yanu ndi iti?

Oyeza akafika ndi mlembi wa bairro, auzeni zoona. Tchulani onse amene amagona ndi kudya pakhomopo, ngakhale ana a abale anu. Musachite manyazi n'kubisa zinyalala zina, musatenthe kapena kukwirira m'masiku amenewo, komanso musaonjezere za anansi. Nambala yabodza imabweretsa thirakitala yosakwanira. Malezala, majekeseni ndi magalasi osweka muziike m'chitini pazokha, ndipo muwachenjeze oyezawo.

Ngakhale oyeza asanabwere, yesani nokha ndi ndowa kwa sabata imodzi. Mudzaona kuti zambiri siziyenera kuchoka pakhomo. Makoko a mbatata, masamba ndi zotsala za ndiwo zipite m'dzenje la manyowa, muzithirapo dothi kuti ntchentche zisaswane. Dzenjelo likhale kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30. Mapulasitiki musatenthe, utsi wake umapweteka chifuwa, makamaka cha ana ndi okalamba.

Mukagwira zinyalala, sambani m'manja ndi sopo kapena phulusa. Ndipo pa msonkhano wa bairro, pitani ndi nambala yanu. Kunena kuti "kwathu timadzaza ndowa zinayi pa sabata, thirakitala imabwera kamodzi pa mwezi" kumamveka kuposa kungoti "kwathu n'kwauve".