Mwala Umene Umasanduka Wabuluu Ukafukulidwa

Vivianite ndi mwala wopangidwa ndi ayironi, fosifeti ndi madzi. Umamera m'malo amene mpweya wa okosijeni sufikako, monga m'matope a pansi pa nyanja, m'madambo ndi pa mafupa okwiririka kalekale. Dzinali unapatsidwa mu 1817 polemekeza John Henry Vivian, amene anaupeza ku Cornwall, m'dziko la England.

Ukangofukulidwa kumene, mwalawu umakhala woyera kapena woonekera mkati. Ukakhala pamtunda, pofika mpweya ndi dzuwa, umayamba kubiriwira, kenaka n'kusanduka wabuluu mpaka kuderako. Chimene chimachitika n'chakuti ayironi wa mtundu wa Fe2+ amataya elekitironi imodzi n'kukhala Fe3+, monga zimakhalira khasu likamachita dzimbiri. Mitundu iwiriyi ikayandikana, elekitironi imadumpha kuchoka pa atomu ina kupita pa inzake, ndipo potero imameza kuwala kofiira. Maso amaona buluu wotsalayo.

Komabe maso sanganene kuchuluka kwa ayironi amene wasintha. Apa m'pamene asayansi amagwiritsa ntchito spectroscopy, luso lounika chinthu ndi cheza n'kuyeza cheza chimene chamezedwa kapena kumwazika.

Njira yodalirika kwambiri pa ayironi inachokera pa zimene Rudolf Mössbauer wa ku Germany anatulukira mu 1958. Ufa wa mwala umaunikidwa ndi cheza cha gamma chochokera ku cobalt-57. Maatomu a iron-57, omwe ndi pafupifupi awiri mwa maatomu 100 alionse a ayironi, amameza chezacho. Pa kompyuta, Fe2+ amaoneka ngati mizere iwiri yotalikirana, pomwe mizere ya Fe3+ imathithikana, ndipo kukula kwake kumasonyeza gawo la mtundu uliwonse.

Njira ya Raman, yotchedwa dzina la C. V. Raman wa ku India, imaunika ndi laser kuti ione mmene fosifeti ndi madzi zikunjenjemerera m'mwalamo. Nayo imathandiza kuzindikira pamene vivianite wasanduka mwala wina wotchedwa metavivianite, kapena santabarbaraite wachikasu amene ayironi wake yense ndi Fe3+.

Kuyeza kotereku kumathandiza osamalira zithunzi zakale, chifukwa amisiri ena a ku Netherlands a zaka za m'ma 1600 ankapenta ndi vivianite, ndipo utoto wake umasuluka. Kumathandizanso akatswiri ofuna kutenga fosiforasi m'matope a zonyansa za m'mizinda, momwe mwalawu umapangika, kuti abwerere kumunda ngati feteleza.