Mawanga oyera, nyale ya kuchipatala ndi botolo la Vaseline

Mu mzinda wa Leicester ku Britain munthu wa khungu lakuda kapena lofiirira sadabwitsa aliyense. Kalembera wa 2021 adapeza kuti anthu 43 pa 100 alionse kumeneko ndi a mabanja ochokera ku Asia. Ambiri makolo awo adadzera kuno ku Africa: ena adapirikitsidwa ndi Idi Amin ku Uganda mu 1972, ena adatseka sitolo zawo ku Malawi m'zaka za m'ma 1970 zomwezo. Pa khungu lotere banga loyera la vitiligo limaonekera patali, ngakhale m'chinamtindi cha pa Belgrave Road.

Vitiligo si khate, si chialubino, ndipo sapatsirana. Chitetezo cha m'thupi chimaukira maselo opanga mtundu wa khungu, otchedwa melanocyte, pamalopo n'kuyera. Pafupifupi munthu mmodzi pa 100 ali nayo padziko lonse. Banga la khate limachita dzanzi, pomwe la vitiligo limamva ukalikhudza. Koma kawauzeni zimenezi azakhali amene ayamba kale kunong'ona za ufiti!

Mawanga akachuluka, madokotala a khungu a m'zipatala za boma la Britain (NHS) amatumiza munthu ku kuwala kotchedwa narrowband UVB. Amavula zovala, kuvala magalasi oteteza maso, n'kuima m'kachipinda kozunguliridwa ndi mababu ataliatali. Poyamba ndi masekondi chabe, kenako nthawi imaonjezedwa pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu pa sabata kwa miyezi ingapo. Kwa munthu wa mashifiti a usiku kosamalira okalamba kapena m'nyumba za katundu ku Magna Park kufupi ndi Lutterworth, maulendo amenewa ndi mtolo.

Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe akatswiri a ku University of Nottingham, kumpoto kwa Leicester, adayesera nyale yogwira m'manja yoti munthu aziwalitsa kunyumba. Kafukufuku wawo wa HI-Light, wotsogoleredwa ndi Kim Thomas ndi Jonathan Batchelor, adatenga anthu 517, akulu ndi ana, m'zipatala 16 kuyambira 2015 mpaka 2017. Patatha miyezi 9, mwa odzola mankhwala a steroid okha, 17 pa 100 adati banga lazimirira kapena silikuonekanso kwambiri. Mwa ogwiritsa nyale yokha adali 22, ndipo mwa ophatikiza ziwirizi adali 27. Atasiya chithandizo, ambiri ndithu adaona kuyera kukubwerera.

Manambalawa ndi ochepa, tisanamizane. Chondisangalatsa n'chakuti woweruza sadali dokotala ndi chipangizo chake choyezera, koma mwini khungu, amene amadziwa momwe anthu amamuyang'anira m'basi. Ndipo munthu amene wauzidwa zoona chomwechi sangapusitsidwe ndi wogulitsa mankhwala pa Facebook wolonjeza kuti mawanga atha pa masabata awiri.

Tsopano nkhani ya kusamala khungu, yomwe ife Amalawi imatikhudza pa zizolowezi zathu. Kuwala kwa UVB kumaumitsa khungu ndi kuyabwitsa, choncho kudzola n'kofunika tsiku lililonse. Koma Vaseline wathu uja, wopaka mpaka miyendo kung'anima, si wodzola pokonzekera kulowa m'kachipinda kaja, chifukwa mafuta okhuthala amasokoneza momwe kuwala kumafikira khungu. Adikire mpaka mutatuluka. Pefyumu ndi mafuta oteteza kudzuwa nazonso siziyenera kukhala pakhungu pa nthawiyo, ndipo namwino ayenera kuuzidwa za mankhwala alionse atsopano, poti ena monga doxycycline amachititsa khungu kupsa msanga. Kufiira pang'ono n'komwe amayembekezera. Kukafika powawa kapena matuza, osawalitsanso mpaka achipatala aone. Masiku ena onse banga lifunika mafuta a SPF 50 potuluka padzuwa, pakuti lilibe chodzitetezera, ngakhale mwini wake akhale wakuda bwanji.

Choopsa china n'chakuti vitiligo amakonda kutulukira pomwe khungu lavulala. Kukwecha thupi ndi mwala posamba, lamba wothina, kukanda, zonsezi zingabale banga latsopano. Nanga mphini? Sing'anga wotema mozungulira banga kuti alitsekereze angakhale akulitsegulira njira. N'chimodzimodzi ndi mafuta oyeretsa khungu a m'misika, omwe ena amadzola pofuna kuti thupi lonse lifanane: ambiri ali ndi steroid wamphamvu amene amapyapyalitsa khungu akamadzoledwa mosalekeza. Mu kafukufuku wa ku Nottingham uja mankhwala a steroid aja ankadzola sabata imodzi n'kupumira ina.

Chithandizo chikayamba kugwira, mtundu umabwerera ngati timadontho takuda pamabowo a tsitsi, n'kumakula mpaka kulumikizana. Nkhope ndi khosi zimamva msanga. Zala ndi mapazi n'zouma mutu, ndipo dokotala wabwino amaneneratu. Mu 2023 dziko la Britain lidavomereza mafuta atsopano a ruxolitinib kwa anthu a zaka 12 kupita m'tsogolo omwe mawanga afika kunkhope. Ena amasankha zophimba zofanana ndi khungu lawo kudzera ku bungwe la Changing Faces. Alipo enanso, monga Winnie Harlow woonetsa mafashoni, amene amayenda ndi mawanga awo poyera osaphimba.