Kusankha Nkhunzi Yobala Ng'ombe za pa Chionetsero

Alimi anzanga, nyengo ya zionetsero za ulimi ikafika, ambiri a inu muima kunja kwa mpanda ndi kupenya ng'ombe zimene zapata mphotho. Ena mumanong'onezana kuti mwini wake ali ndi mankhwala. Iai, palibe mankhwala. Ng'ombe yopambana lero inasankhidwa zaka zitatu kapena zinayi zapitazo, tsiku lija mwini wake analoza nkhunzi yoti ilowe m'khola mwake.

Taganizani. Ng'ombe yaikazi ikhala ndi bere miyezi 9 ndi masiku pang'ono, ndipo ikachita bwino ibala thole limodzi pa chaka. Koma nkhunzi imodzi yokhwima ikwera zazikazi 25 kapena 30 pa nyengo imodzi. Mukaphonya pogula yaikazi, mwaononga thole limodzi. Mukaphonya pogula nkhunzi, chilema chake chifalikira m'khola monse, ndipo misoti yake idzachipatsiranso kwa ana ake.

Chimene chinyenga anthu ambiri ndicho kunenepa. Munthu wofuna kugulitsa nkhunzi aitsekera m'khola miyezi iwiri kapena itatu, naidyetsa madeya ndi masangwi a mtedza, mpaka khungu lichita kung'azima. Inu mufika, muona, mtima udumpha. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mafuta amenewo achokera m'chodyera, thole silidzabadwa nawo. Ndiponso mafuta abisa msana wopindika ndi ntchafu zopyapyala, ndipo nkhunzi yonenepa kopitirira ichita ulesi, nthawi zina mbewu yake ifooka.

Tsono musanayamikire nkhunzi, pemphani kuona make. Kodi abala chaka ndi chaka, kapena adumphitsa? Kodi bere lake ndi labwino, la nsonga zinayi zolingana? Thole limene akuyamwitsa tsopano lakhuta kapena lili mutu wokhawokha? Make mbuu, mwana mbuu. Ngati nkhunziyo ndi yaikulu kale, pitani mukaone mathole ake. Musakhutire ndi limodzi limene mwini wake akulozerani. Onani onse, obadwa kwa amayi osiyanasiyana. Akafanana maonekedwe ngakhale amayi awo asiyana, dziwani kuti magazi a nkhunziyo ndi amphamvu. Wogulitsa akayamba kuzemba, kuti make anafa, mathole ali kutali, ine ndikanabweza ndalama zanga m'thumba.

Mukatha pamenepo, ndiye penyani nkhunzi yeniyeniyo. Iyendetseni pa nthaka youma, inu muli pambuyo. Yoyenda bwino iponda mwendo wa m'mbuyo pafupi ndi pamene panaponda wa kutsogolo, osakoka, osagundanitsa mawondo. Ziboda zikhale zolingana, zosang'ambika. Musachepetse nkhani ya miyendo ya m'mbuyo, pakuti pokwera thupi lonse litsamira pamenepo, ndipo nkhunzi yomva kuwawa ingoyang'ana zazikazi osachita kanthu. Msana ukhale woongoka kuchokera pa linunda kufika ku mchira, chifuwa chakuya, ntchafu zodzaza mpaka m'munsi. Izi ndizo zimene oweruza pa chionetsero ayang'ana. M'thumba lake la pansi mukhale mbewu ziwiri zolingana, zolimba, zosatupa. Ya mbewu imodzi isiyeni ngakhale ikongole chotani. Tsegulaninso kukamwa. Mano aakulu awiri oyamba a m'munsi atuluka ng'ombe ili ndi zaka ziwiri kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo akakwana asanu ndi atatu ndiye kuti yafika zaka zinayi kapena zisanu. Mano sanama monga anama anthu pamalonda.

Ukali nawo utsata magazi. Ng'ombe ya pa chionetsero iyenera kukokedwa pa chingwe ndi kulola mlendo kuigwira. Ana a nkhunzi yogunda anthu adzakuchititsani manyazi pabwalo.

Nanga mtundu? Ambiri akhumbira Brahman, ng'ombe zazikulu za makutu ogwa zimene zinapangidwa ku America kuchokera ku ng'ombe za ku India. Zipirira kutentha, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje muziona zambiri. Koma nkhunzi yaikulu chotere musaipatse misoti yaing'ono ya Zebu yathu, chifukwa thole likhoza kukula m'mimba ndi kukanika kutuluka, inu n'kutaya zonse ziwiri. Ipatseni zazikazi zimene zabalapo kale. Onaninso kuti chikopa cha pansi pa mimba chisalendewere kwambiri, pakuti chibayidwa ndi minga ndi zitsa. Friesian ndi ya mkaka, ifuna msipu wambiri ndi dibi losadumphitsa. Nkhupakupa zikaibweretsera chigodola siichedwa kufa. Kwa mlimi wodyetsa kudambo, nkhunzi yabwino ya Zebu yathu iposa ya chilendo yosasamalika. Ng'ombe iweruzidwa pakati pa zinzake za mtundu wake, chotero Zebu yoongoka bwino ipata mphotho ndithu.

Pali vuto limodzi limene simungalithe nokha. Ng'ombe za m'mudzi zidyera pamodzi kudambo. Yaikazi ifuna nkhunzi masiku 21 alionse ngati siinatenge bere, ndipo nthawi yake ndi yaifupi, siikwana ndi tsiku lomwe. Kankhunzi konyozeka ka mnansi wanu kakafika msanga, ndalama zanu zapita pachabe. Kambiranani ndi anyakwawa ndi eni ng'ombe onse kuti tinkhunzi tosafunika tifulidwe tisanakwane miyezi 6. Mlangizi wa ziweto ali nacho chida chotchedwa Burdizzo chimene chifula popanda kutulutsa magazi. Mwini wake sataya kanthu, pakuti ng'ombe yofula inenepa msanga ndiponso ikoka ngolo ndi pulawo.

Nkhunzi yatsopano ibwere ndi kalata ya chilolezo yochokera kwa a zaziweto, ndipo ikhale payokha milungu itatu kapena inayi isanasakanikirane ndi zanu. Musagule m'khola mmene zazikazi zipoloza kawirikawiri. Ikakwera mu Febuluwale ndi Malichi, mathole abadwa mu Novembala ndi Disembala, msipu uli kuphuka ndipo amayi ali ndi mkaka. Pakatha zaka zitatu ana ake aakazi afika pokweredwa. Pamenepo isinthanitseni ndi ya mlimi wa mudzi wakutali, kuti isakwere ana ake omwe.