UTHENGA WA KUCHIPATALA UFIKE KWA MUNTHU ALIYENSE

Boma likafuna kuchenjeza anthu za nthenda kapena kuwaitana ku katemera, limagwiritsa ntchito njira zimene tonse tikuzidziwa. Limalengeza pa wailesi, limakhoma zikalata pa chipatala ndi pa msika, limatumiza galimoto ya chimkuzamawu m'midzi, ndiponso limapempha mafumu kuti auze anthu awo. Njira zonsezi nzabwino, koma iliyonse imasiya wina m'mbuyo. Wailesi ndi chimkuzamawu sizifika kwa munthu wosamva. Chikalata sichifika kwa wosaona ndi kwa amene sanapite ku sukulu. Mlangizi wolankhula Chichewa chokha samveka bwino kwa gogo amene anakula akulankhula Chiyao kapena Chisena. Tsono mwezi uno tifotokoze za anthu amenewa, ndi zimene ife a kumudzi tingachite kuti nawonso amve.

Kodi anthu otere ndi ambiri?

Ena amaganiza kuti ndi anthu owerengeka chabe. Ayi ndithu. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17 miliyoni, ndipo mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa khumi alionse anali ndi ulumali wina. Ambiri mwa iwo anali ovutika kuona, ena kuyenda, ena kumva, ena kulankhula. Kalembera yemweyo anapezanso kuti pafupifupi anthu atatu mwa khumi sankadziwa kuwerenga ndi kulemba, ndipo amayi ndiwo anachuluka pamenepa. Kotero palibe mudzi umene ulibe munthu amene uthenga umamdutsa.

Nthenda siisankha. Kolera imene inayamba ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022 inafika m'maboma onse a dziko lino, ndipo pofika mu 2023 inali itapha anthu oposa 1,700. Kolera imatha kupha munthu wamkulu tsiku limodzi lokha chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi. Amene anamva msanga kuti amwe Thanzi ndi kuthamangira ku chipatala, ambiri anachira. Nanga amene sanamve? Ndiponso munthu mmodzi amene sanauzidwe za kuthira kolorini m'madzi angathe kudwala ndi kupatsira nyumba yonse. Kumuuza iye nkudziteteza ife tomwe.

Anthu osamva

Poyamba tidziwe kuti kusamva si uchitsiru. Munthu wosamva ali ndi nzeru monga wina aliyense, ndipo ambiri ali ndi chinenero chawo, chinenero chamanja. Chinenero chimenechi si Chichewa chonenedwa ndi zala ayi. Chili ndi mawu ake ndi kayalidwe kake, ndipo cha ku Malawi nchosiyana ndi cha maiko ena. Ana amachiphunzira m'sukulu za osamva monga Maryview ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba. Bungwe la osamva la MANAD ndilo lakhala patsogolo pochilimbikitsa.

Komatu si wosamva aliyense amene anapita ku sukulu zimenezi. Ambiri a kumudzi amalankhula ndi zizindikiro zimene anapangana ndi abale awo pa khomo, ndipo mlendo sangazimve. Enanso anagontha atakula, ndipo amamva poyang'ana milomo. Chifukwa chake musaganize nokha njira imene ingamuthandize. Mufunseni mwini wake, kapena a pabanja pake.

Polankhula ndi munthu wosamva, yambani mwamukhudza pa phewa kapena kumukodola kuti akuoneni. Imani poyera, nkhope yanu ioneke, ndipo musatseke pakamwa ndi dzanja. Lankhulani mwachifatse, koma musakuwe, pakuti kukuwa kumapotoza milomo ndipo kumamchititsa manyazi pa anthu. Ngati adziwa kuwerenga, lembani mawu afupi. Ngati pali womasulira, yang'anani wodwalayo, osati womasulira. Pa nthawi ya Covid-19, imene inafika kuno mu Epulo 2020, anthu oyang'ana milomo anavutika kwambiri chifukwa aliyense anavala chotseka pakamwa. Kumbukiraninso kuti pa chipatala amaitana mayina ndi mawu. Wosamva angathe kukhala pa benchi tsiku lathunthu dzina lake litaitanidwa kale m'mawa. Woperekeza auziretu wolembera pofika, ndipo a chipatala apite kukamkodola.

Anthu osaona ndi oona movutika

Osaona amamva wailesi bwino lomwe, ndipo ena a iwo amadziwa nkhani kuposa ife. Vuto lawo lili pa zolembedwa: tsiku la kubweranso lolembedwa m'kabuku ka kuchipatala, kamwedwe ka mankhwala kolembedwa pa kapepala, ndi chikalata chokhomedwa pa khoma. Alipo malembedwe a timadontho totukuka owerenga ndi zala, amene anawakonza Louis Braille wa ku France, amene anabadwa mu 1809 nachita khungu ali mwana. Chilembo chilichonse chimapangidwa kuchokera ku timadontho tisanu ndi kamodzi. Malembedwewa amaphunzitsidwa m'sukulu monga Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje, ndipo aphunzitsi ake amaphunzira ku Montfort ku Nguludi. Koma munthu amene maso anafa atakalamba kawirikawiri sawadziwa. Iyeyu afunika kuuzidwa ndi pakamwa.

Mukafika kwa munthu wosaona, nenani dzina lanu, ndipo pochoka mutsazike kuti asalankhule yekha. Musamuuze kuti "pitani uko" kapena "imwani awa", chifukwa mawu otere ndi a anthu openya. Nenani kuti khomo lili ku dzanja lamanja, mapazi khumi. Mankhwala mumpatse m'manja awakhudze. Ngati ali a mitundu iwiri, mangani kachingwe pa paketi imodzi, kapena ikani ena m'kabotolo ena m'kapepala, kuti asawasokoneze. Namwino asanamkhudze kapena kumbaya jakisoni, ayambe wanena chimene afuna kuchita.

Anzathu achialubino ambiri amaona movutika, makamaka pa dzuwa lowala. Pa msonkhano akhale patsogolo ndiponso pa mthunzi, ndipo zolembedwa zikhale za zilembo zazikulu zakuda pa pepala loyera. Iwowa afunika kumva bwino za chipewa, zovala zofunda mikono ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa, ndi kuti chilonda cha pakhungu chosapola apite nacho ku chipatala msanga, pakuti chingakhale chiyambi cha khansa.

Amene sadziwa kuwerenga

Munthu wamkulu sakonda kuulula pa gulu kuti sadziwa kuwerenga. Amalandira kapepala, navomera ndi ulemu, napita. Tiyerekeze mayi amene mwana wake wapatsidwa mankhwala a malungo a LA. Mankhwalawa amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, kawiri pa tsiku. Mwana amayamba kusewera tsiku lachiwiri, ndipo mayi amene sanamvetse amaleka, nasungira otsalawo tsiku lina. Tizilombo timene sitinafe timachulukanso, ndipo malungo amabwerera. Mlandu si wa mayiyo. Uthenga ndiwo sunafike.

Chimodzimodzinso Thanzi. Paketi imodzi imasungunulidwa m'madzi aukhondo okwana lita imodzi. Madzi akachepa, mchere umachuluka ndipo ungavulaze mwana. Koma lita ndi chiyani kwa munthu amene alibe choyezera? Mlangizi wanzeru amatenga botolo kapena chikho chimene chili pa khomopo, nayeza pamaso pa mayiyo, kenaka namuuza kuti ayese yekha. Kuonetsa kumaposa kunena.

Zithunzi zimathandiza, monga dzuwa lotuluka kutanthauza m'mawa ndi mwezi kutanthauza usiku. Koma chithunzi nacho chimafuna kufotokoza. Mukajambula ntchentche yaikulu ngati nkhuku kuti ioneke bwino, wina anganene kuti kwawo kulibe ntchentche zotere. Musanakhome chithunzi, chionetseni kwa anthu awiri kapena atatu a m'mudzi ndi kuwafunsa chimene akuona.

Zinenero zathu nzambiri

Chichewa chimamveka m'madera ambiri, koma munthu akadwala amafotokoza bwino m'chinenero cha kwawo. Ku Mangochi ndi ku Machinga kuli Chiyao, ku Nsanje ndi ku Chikwawa kuli Chisena, ku Rumphi ndi ku Mzimba kuli Chitumbuka, ku Nkhata Bay Chitonga, ku Karonga Chingonde, ndipo ku Chitipa kuli zinenero zingapo. Ku Dzaleka m'boma la Dowa kuli othawa nkhondo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, amene amalankhula zinenero za kwawo. Dokotala kapena namwino amatumizidwa kulikonse, ndipo sangadziwe zonsezi. Apa mawailesi a m'madera, monga Dzimwe ku Mangochi, amathandiza kwambiri polankhula monga anthu eni ake alankhulira.

Ngakhale m'Chichewa momwemo muli misampha. Kumudzi timati malungo kutanthauza kutentha thupi kulikonse ndi kuphwanya, pamene a chipatala amatanthauza nthenda yobwera ndi udzudzu, imene imadziwika poyeza magazi. Munthu akauzidwa kuti alibe malungo amakwiya, naganiza kuti amkaniza mankhwala. Akadauzidwa kuti akudwaladi, koma m'magazi mwake mulibe tizilombo ta udzudzu, ndipo afufuza chifukwa china, akadapita kwawo wokhutira.

Okalamba, achibwibwi ndi ochedwa kumvetsa

Awa amafuna chinthu chimodzi: nthawi. Nenani mfundo imodzi, dikirani, kenaka ina. Wachibwibwi musamumalizire mawu, chifukwa mungamalize molakwa. Wochedwa kumvetsa mumulankhule iye mwini ndi mawu apafupi, ndipo munthu wamkulu musamulankhule ngati kamwana. Pa onsewa pali njira imodzi yoyesera imene siilephera. Musafunse kuti "Mwamva?" pakuti ulemu wathu umatiyankhitsa kuti inde. Funsani kuti, "Mukafika kunyumba mukamwa bwanji mankhwalawa?" Yankho lake lidzakuuzani ngati uthenga wafika.

Za chinsinsi

Nkhaniyi njofunika kuisamala. Kawirikawiri wosamva kapena wosaona amabwera ndi mbale wake, ndipo a chipatala amauza mbaleyo zonse. Koma ilipo nkhani imene munthu safuna kuti mlamu wake kapena mwana wake aimve, monga zotsatira za kuyeza HIV, za kulera ndi za nthenda zopatsirana pogonana. Msungwana wosamva amene wagwiriridwa sanganene ngati womasulira ali wa m'nyumba ya amene anamlakwirayo. Chifukwa chake wodwala asankhe yekha womuthandiza, mwana wamng'ono asamasulire nkhani za akulu, ndipo womasulira anene zonse monga zanenedwera, osachotsa kapena kuwonjezera, ndipo akatuluka atseke pakamwa.

Lamulo likuti chiyani?

Kumva za umoyo wako si mphatso yopempha mogwada. Mu 2009 dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene limanena kuti uthenga wa kwa anthu onse uperekedwe m'njira zimene iwo angazimve, monga chinenero chamanja ndi Braille. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loona za ulumali, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano. Munthu amene wabwezedwa kapena kunyozedwa pa chipatala chifukwa cha ulumali wake angathe kukadandaula kwa mkulu wa chipatalacho, ku komiti ya pa chipatala, kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kwa DC.

Tichite chiyani m'mudzi mwathu?

Omasulira chinenero chamanja ndi ochepa, ndipo ambiri ali m'matauni. Sitingadikire kuti afike mudzi uliwonse. Mutu umodzi susenza denga, tsono ntchitoyi tigawane.

Inu a mfumu, khalani pansi ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ndi mlangizi wa zaumoyo, muwerenge nyumba zimene muli munthu wosamva, wosaona, wokalamba kwambiri kapena wosatha kuyenda. Nyumba iliyonse ikhale ndi munthu wokhulupirika amene adzapitako pamene kwabwera uthenga wa katemera, wa sikelo kapena wa mliri. Kulengeza madzulo pa chulu sikukwana.

Inu aphunzitsi, uzani ana tsiku ndi malo momveka, ndipo akabwereze pamaso panu asanapite nawo uthenga kwa makolo. Ngati m'kalasi muli mwana amene sayankha mukamuitana ali chofulatira, kapena amene amayandikiza buku pamaso, uzani makolo ake apite naye ku chipatala. Mafinya a m'khutu akalekereredwa amagonthetsa mwana, chikhalirecho mankhwala ake alipo.

Inu atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, polengeza za chipatala muonetsetse kuti wosamva wakhala pamene angaone, ndipo wina wamufotokozera.

Ndipo inu amene mwawerenga nkhaniyi, musaipinde ndi kuiika m'thumba. Ganizani za nyumba zoyandikana ndi yanu, mupeze munthu amene sangathe kuiwerenga kapena kuimva. Lero lomwe mupite mukamufunse njira imene iye afuna kuti azidziwitsidwa za kuchipatala, ndipo mukauze mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu yankho lake.