Musanagule Makina Osindikizira ku Chitipa, Yambani Mwafunsa za Inki

Aphunzitsi ndi akalaliki akale akukumbukirabe makina a Gestetner, amene munthu ankapukusa ndi dzanja kufikira mapepala a mayeso atakwana. Lero ntchito imeneyi iri m'manja mwa kompyuta ndi printa, ndipo mphunzitsi wamkulu kapena mkulu wa ofesi ayenera kusankha makina ogula. Ambiri amayang'ana mtengo wa makina okha, naiwala kuti chimene chidzawadyera ndalama mwezi ndi mwezi ndi inki.

Ku Chitipa, kumene kale kunkatchedwa Fort Hill, nkhani imeneyi njaikulu. Kuchokera pa Boma kukafika ku Karonga ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo ku Mzuzu ndi oposa 300. Mphunzitsi wa ku Nthalire kapena ku Misuku inki ikamthera m'sabata ya mayeso, ana adzakopera mafunso pa bolodi monga kale. Ndiponso inki imachokera kunja, ndipo pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wotere anakwera mtengo.

Makinawa alipo a mitundu itatu. Oyamba ndi a inki yamadzi ya m'timabokosi. Awa ngotsika mtengo pogula, koma kabokosi kamodzi kamatha patangosindikizidwa masamba mazana owerengeka, kotero kuti sukulu sangaipindulire. Achiwiri ali ndi matanki othiramo inki ya m'botolo, monga aja a Epson EcoTank. Botolo limodzi limasindikiza masamba zikwi, ndipo makinawo safuna magetsi ambiri. Achitatu ndi a laser, amene amamata inki yaufa papepala ndi moto wa magetsi. Amathamanga, ndipo zolemba zake sizisungunuka pepala likanyowa, koma potenthapo amakoka magetsi ochuluka, amene sola yaing'ono singapirire.

Tsono ofesi ya pa Boma imene iri ndi magetsi a ESCOM, ndipo imasunga makalata zaka zambiri, ichita bwino kugula laser ya inki yakuda yokha. Sukulu ya kumudzi yodalira sola isankhe makina a matanki. Koma idziwe kuti inki yamadzi imauma ndi kutseka timabowo ngati makina akhala osagwira ntchito. Chifukwa chake pa nthawi ya tchuthi pakhale munthu wosindikiza tsamba limodzi sabata iriyonse, ndipo makinawo azifunditsidwa nsalu m'chilimwe chifukwa cha fumbi.

Musanapereke ndalama, mfunseni wogulitsa zinthu zitatu: kodi inki yake imapezeka ku Karonga kapena ku Mzuzu, imasindikiza masamba angati, ndipo makina akaonongeka adzakonza ndani? Akalephera kuyankha, bwererani nazo ndalamazo. Nza Boma ndi za makolo, ndipo makina osowa inki sasiyana ndi khasu lopanda mpini.