Mavu amene amatchinjiriza chimanga chathu

Munthu akamva mawu oti mavu, amakumbukira ululu wa mbola ndi chisa cholendewera pakhonde. Komatu m'minda mwathu muli mavu a mtundu wina, ang'onoang'ono kwambiri, amene samanga zisa ndipo saluma munthu. Moyo wawo umadalira mazira ndi mbozi za agulugufe ausiku, omwe ndi gwero la tizilombo toononga chimanga.

Mwa tizilomboti, tovuta kwambiri masiku ano ndi ntchemberezandonda za mtundu watsopano. Kwawo ndi ku America, ndipo zidapezeka koyamba mu Africa mu 2016. Pofika mu Disembala 2017 zidali zitasakaza minda kwambiri, moti Pulezidenti wa nthawiyo, Peter Mutharika, adalengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 a dziko lino ali pangozi.

Mboziyi imachokera kwa gulugufe wotuwa amene amauluka usiku. Wamkazi amaikira mazira 100 mpaka 200 pamalo amodzi patsamba, nkuwaphimba ndi tiubweya ta m'thupi mwake. Kukatentha, mazirawo amaswa pakangotha masiku awiri kapena atatu. Timbozi timadya masamba, kenaka timalowa pamtima pa chimanga, pomwe mankhwala opopera amavutika kufika.

Mavu otchedwa Telenomus remus amalimbana ndi mdaniyu asanabadwe nkomwe. Kutalika kwawo sikufika ngakhale milimita imodzi. Wamkazi akapeza mulu wa mazira a gulugufe, amadzipanikiza pansi pa tiubweya tija ndi kuikira dzira lake m'kati mwa dzira lililonse limene walifikira. Mwana wa mavuyo amakula podya zam'kati mwa dziralo, ndipo pakatha masiku pafupifupi 10 m'dziramo mumatuluka mavu m'malo mwa mbozi. Mu 2019 akatswiri, kuphatikizapo a bungwe la CABI, adatsimikiza kuti mavuwa alipo kale m'maiko monga Kenya, Niger, Benin ndi South Africa.

Mavu ena amadikira kuti mbozi iswe. Chitsanzo chodziwika ndi cha kapuchi wa mtundu wa Chilo partellus, amene adachokera ku Asia ndipo mu Africa adaoneka koyamba kuno ku Malawi cha m'ma 1930. Chifukwa choti adasiya adani ake kwawo, adaswana mopanda chomuletsa. Mu 1993 bungwe lofufuza za tizilombo la icipe, lomwe likulu lake lili ku Nairobi, lidamwaza mavu a Cotesia flavipes ochokera ku Pakistan m'minda ya m'mphepete mwa nyanja ku Kenya. Wamkazi wa mavuwa amalowa m'bowo limene kapuchi waboola m'phesi, amamubaya ndi kumuikira mazira pafupifupi 40 m'thupi. Ana ake amadya mboziyo m'kati, kenaka amatuluka ndi kudzikulunga m'tizikwa toyera, mbozi nkufa. Mavuwa adakhazikika ndi kufalikira m'maiko angapo a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa.

Njirayi ili ndi malire ake. Mavu sathetseratu mbozi m'munda, pakuti nawo amadalira mbozizo kuti aswane. Chimene amachita ndi kuchepetsa chiwerengero chake kuti chimanga chikule ndi kubereka. Sagwiranso ntchito tsiku limodzi monga mankhwala. Phindu lake nlakuti akakhazikika amadzichulukitsa okha, chaka ndi chaka, popanda mlimi kutulutsa ndalama.

Vuto lalikulu nlakuti mankhwala ambiri ophera tizilombo sasankha. Mbozi yaikulu yobisala pamtima pa chimanga ikhoza kupulumuka, pamene mavu, omwe amayenda poyera pamasamba, amafa msanga. Mlimi amene amapopera mwachisawawa amapha omuthandiza, ndipo mazira amene gulugufe adzaikire sabata yotsatira adzaswa onse popanda wowasokoneza. Kuonjezera apo, mbozizi zimazolowera mankhwala amene agwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza.

Pali zimene mlimi angachite. Aziyendera munda wake kamodzi kapena kawiri pasabata kuyambira chimanga chikangomera. Akapeza tizikwa toyera tonga mpunga pafupi ndi mbozi yakufa, kapena mazira amene ada bii koma akhala masiku angapo osaswa, awasiye, chifukwa m'menemo muli mavu. Kubzala nyemba, khobwe kapena nandolo pamodzi ndi chimanga kumathandizanso, popeza mavu aakulu amadya timadzi totsekemera ta m'maluwa. Ndipo mbozi zikachuluka mpaka kufunika mankhwala, ndi bwino kuyamba wafunsa mlangizi wa zaulimi za mtundu woyenera, mlingo wake ndi nthawi yabwino yopopera.