Kusamala Batire ya Ma Earbuds

Kuno ku Chongwe, chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri. Kuyambira pamenepo ndimalangiza aliyense wa ma earbuds kuti azidziwa moto umene watsala.

Lowani pa Bluetooth mufoni yanu: mafoni ambiri amaonetsa peresenti pafupi ndi dzina la ma earbuds. Kabokosi kake nakonso kali ndi batire, ndipo kagetsi kofiira kawirikawiri kamasonyeza kuti moto watsala pang'ono. Magetsi akangobwera, kapena pa sola, tchajani kabokosiko.

Musadikire kuti batire itheretu. Musasiye kabokosiko padzuwa la Okutobala, pakuti kutentha kumakalambitsa batire ya lithium. Popita ku Lusaka, valani ka earbud kamodzi kokha, pamene kanzake kakutchajika m'kabokosi. Muzipukutanso tizitsulo ta ma earbuds ndi ta m'kabokosi, chifukwa fumbi limalepheretsa moto kulowa.